Mavu Akuda ndi Oyera M'dimba la Pakhomo: Tiwaphe Kapena Tiwasiye?

Pakati pa mafunso amene ophunzira athu amabwera nawo, ndi amene anzathu otsiriza maphunziro amatumiza kuchokera kumidzi ya kwa Sandwe, kwa Nyamphande ndi ku Nyimba, la mavu silisowa. Wina waona mavu a mizere yakuda ndi yoyera akukumba mumchenga m'mbali mwa bedi la anyezi. Wina akudandaula ndi mavu akuda bii, oyera kunsonga kwa mimba, amene akumata dothi pakhoma la nkhokwe. Winanso mwana wake anatola kachilombo kaubweya ka madontho oyera kakuthamanga pabwalo, ndipo kanamuluma koopsa. Onsewa amatsiriza ndi mawu amodzi: tithire mankhwala anji kuti athe?

Yankho lathu ndi lakuti mankhwala ayambe adikira. Mavu ambiri amene mumawaona m'dimba la kuseri kwa nyumba akugwira ntchito imene mukadaitayira ndalama kusitolo: akupha mbozi. Alipo ochepa amene ayenera kuchotsedwa, ndipo mbola yawo si yoseweretsa. Nzeru ya mlimi ili pa kusiyanitsa awa ndi awo. Maonekedwe a thupi satithandiza kwenikweni, pakuti mavu akuda ndi oyera ali m'mabanja osiyanasiyana. Chimene chimatiuza zoona ndi chisa chawo, malo amene chamangidwa, ndi katundu amene mavuwo anyamula pobwerera kuchisako.

Ena mwa inu mwaonapo pa foni zithunzi za mavu akuda a nkhope yoyera, okhala m'chisa chotsekeka chachikulu ngati mpira. Amenewo ndi a ku North America, kuno kwathu kulibe. Malangizo olembedwa chifukwa cha iwo musawatengere m'dimba la ku Msanzala.

Chinsinsi chili m'chiuno

Makolo athu, pophunzitsa za mgwirizano, anati mavu adapangana kuning'a pakati. Kuning'ako kuli ndi phunziro linanso kwa mlimi. Njira ya chakudya ya mavu aakulu imadutsa pa kachiuno kopyapyalako, kotero kuti chimene amameza ndi zamadzimadzi zokha: timadzi totsekemera ta m'maluwa, madzi a chipatso chakupsa, ndi uchi uja nsabwe za zomera zimasiya pamasamba. N'chifukwa chake mumawapeza pa mango ogwa ndi pa maluwa a mpiru. Mavu sadya masamba a ndiwo zanu, ndipo saboola phesi la chimanga.

Ana awo ndiwo amafuna nyama. Mwana wa mavu ndi mphutsi yoyera yopanda miyendo, yosatha kudzifunira chakudya. Kuti akule, mayi ake ayenera kumubweretsera mbozi, ntchentche, akangaude kapena ziwala, monga mwa mtundu wake. Choncho mavu aakazi amene mumawaona akuzungulira pansi pa masamba a repu, kulowa mu kabichi ndi kusuzumira munsonga ya chimanga, akusaka ndiwo za ana awo, ndipo ndiwozo ndi zilombo zomwezo zimene zikukuonongerani mbewu.

Mbola ili ndi aakazi okha. Ntchito yake yoyamba mwa mitundu yambiri ndi kufooketsa chilombo chimene agwira. Kuluma munthu kumabwera podziteteza kapena poteteza chisa. Njuchi ikaluma munthu imasiya mbola pakhungu n'kufa, koma mavu amachoka ndi mbola yawo ndipo amatha kulumanso. Akatswiri alemba mitundu ya mavu yoposa 100,000 padziko lonse, ndipo yochuluka mwa iyo imakhala payokhapayokha, yopanda gulu loti liukire munthu. Mbiri yoipa ya mavu onse inachokera ku mitundu yochepa yokhala m'magulu.

Magulu asanu a m'dimba lathu

Oyamba ndi mavu oumba ndi dothi. Awa ndi aja amabwera pa chithaphwi cha pamjigo kapena pamene tatsanulira madzi, n'kuumba kampira ka matope, n'kukamata pakhoma, pansi pa denga kapena kuseri kwa chitseko. Ena ndi akuda thupi lonse. Ena, amene akatswiri amawatcha Synagris, ndi akuda a nsonga yoyera kapena yofiirira kumapeto kwa mimba. Chisa chilichonse chili ndi mayi mmodzi. M'kachipinda kalikonse amaikira dzira limodzi ndi kuikamo mbozi zimene wazifooketsa ndi mbola. Mbozizo sizifa msanga, choncho siziola, ndipo mwana akaswa amapeza nyama yabwino. Ophunzira athu timawauza kuti aphwanye kachisa kamodzi kongomatidwa kumene aone okha: timbozi tobiriwira timagwa tambirimbiri. Pali ena a miyendo yaitali, akuda ndi achikasu, amene amadzaza zisa zawo ndi akangaude. Phindu lawo kwa mlimi ndi lochepa, pakuti akangaude nawonso amatithandiza kugwira zilombo, koma alibe choopsa. Mavu onse oumbawa sateteza chisa. Amaluma pokhapokha mutawafinya m'manja kapena atapanikizika m'malaya.

Achiwiri ndi okumba mumchenga, otchedwa Bembix. Ndi onenepa pang'ono, a maso aakulu, a mizere yakuda ndi yoyera motuwa pamimba. Amakonda mchenga wouma wa padzuwa, monga wa m'mphepete mwa mtsinje wa Msanzala kapena wotsala pomanga nyumba, ndipo amakumba ndi miyendo yakutsogolo ngati galu. Mauna awo amayandikana, mwakuti munthu amayesa ndi gulu limodzi laukali, pamene aliyense ali ndi una wake ndi mwana wake. Chakudya cha ana awo ndi ntchentche, kuphatikizapo zoluma ng'ombe. Mlimi amene khola lake lili pafupi ndi dimba ayenera kuwakondwerera. Amatha kuzungulira mutu wa munthu ndi phokoso, koma kawirikawiri amakhala akutsata ntchentche zimene zikumutsatira munthuyo.

Achitatu ndi aja ana amawatola: kachilombo kooneka ngati nyerere yaikulu yaubweya, kakuda kapena kofiira pamsana, ka madontho oyera pamimba, koyenda mothamanga pansi dzuwa likutentha. Si nyerere ayi. Ndi mavu aakazi opanda mapiko, a banja la Mutillidae. Aamuna awo ali ndi mapiko ndipo saluma. Aakaziwa amafunafuna mauna a mavu ena ndi a njuchi za pansi kuti aikiremo mazira. Mtundu wina wa banjali unapatsidwa dzina lakuti Mutilla glossinae mu 1915, chifukwa ana ake amakulira m'zikwa za kashembe n'kuzipha. Ofufuza anaupeza m'dziko lathu lino, pamene linkatchedwa Northern Rhodesia, ndi ku Nyasaland. Mbola yawo ndi yaitali ndipo imawawa zedi, koma sathamangitsa munthu. Madontho oyerawo ndi chenjezo. Chofunika n'kuphunzitsa ana kuti asatole, ndi kuvala nsapato polowa m'dimba.

Achinayi ndi omanga zisa za timaenje tambirimbiri, zolendewera pa kachingwe pansi pa tsindwi, m'nthambi za mandimu kapena pansi pa tsamba la nthochi. Chisacho amachipanga potafuna ulusi wa mitengo youma ndi udzu, n'kusakaniza ndi malovu. Amenewa ndiwo amakhala pagulu, ndipo mavu nkhomola aja timatchula m'mwambi ali momwemu. Mayina awo m'mabuku ndi Belonogaster, Polistes ndi Ropalidia. Ambiri ndi ofiirira kapena akuda, a timadontho kapena timizere towala. Akagwira mbozi amaitafuna pomwepo, n'kuiumba ngati kambamu, n'kukadyetsa ana. Popeza chisa chimodzi chili ndi ana ambiri ofuna kudya tsiku ndi tsiku, mavu amenewa amapha mbozi zochuluka kuposa magulu atatu oyambawo. Ndiwonso amene amaluma pagulu chisa chikagwedezeka. Mwa mavu onse, awa okha ndiwo amafuna kuti mlimi aweruze: chisa ichi chikhale, ichi chichoke.

Achisanu ndi timavu ting'onoting'ono, tina tochepa kuposa njere ya mpiru, tosaluma munthu konse. Timeneti timaikira mazira m'thupi la mbozi, la nsabwe za zomera, kapena m'kati mwa dzira la chilombo, ndipo mwana amadya chilombocho kuchokera m'kati. Tokha sitioneka kawirikawiri, koma ntchito yake imaoneka. Mukapeza mbozi yofooka pa tsamba la kabichi, pambali pake pali tizikwa toyera tonga njere za mpunga, musatifinye: si mazira a mbozi, ndi ana a timavu amene aipha. Mukapeza nsabwe zotupa, zouma, zofiirira ngati pepala la simenti, zina zili ndi kabowo kozungulira pamsana, dziwani kuti timavu tadutsapo. Ngakhale m'nkhuyu muli abale awo. Timati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere, koma tambiri mwa tizilombo ta m'nkhuyuto ndi timavu tonyamula mungu, ndipo popanda ito mkuyu sungabale mbewu zomera.

Umboni wochokera m'minda

Kuti timavu tingapulumutse chakudya cha anthu, Africa anaona ndi maso. M'zaka za m'ma 1970 kachilombo koyera ngati ufa, kamene ku Malawi amakatcha kodikodi, kanalowa ku Congo kuchokera ku South America n'kufalikira m'minda ya chinangwa. Kanadza kopanda adani ake, choncho kanaswana mosaletseka ndipo minda yambiri inapiringizika masamba n'kulephera kubereka. Ofufuza anakapeza mdani wake ku Paraguay, kamavu kotchedwa Anagyrus lopezi. Bungwe la IITA, motsogozedwa pa ntchitoyi ndi Hans Herren, linakamasula ku Nigeria mu 1981, kenaka m'mayiko ena ambiri, kuphatikizapo Zambia ndi Malawi, m'zaka zomwezo za m'ma 1980. Kodikodi sanatheretu, koma anatsika kufika poti mlimi angakolole. Herren analandira mphoto ya World Food Prize mu 1995 chifukwa cha ntchito imeneyi. Mlimi wa chinangwa sanagule botolo ngakhale limodzi.

Nkhani ya ife a chimanga ndi ya ntchemberezandonda zachilendo zija, zimene mutu wake uli ndi chizindikiro chonga Y wozondoka ndipo chakumchira zili ndi madontho anayi akuda. Zinaoneka koyamba mu Africa kumayambiriro kwa 2016, kumadzulo, ndipo pofika kumapeto kwa chaka chomwecho zinali m'minda ya m'Zambia. Mu Disembala, Pulezidenti wa nthawiyo, a Edgar Lungu, analamula ndege za Zambia Air Force kuti zithandize kunyamula mankhwala kupita nawo m'zigawo. Kuyambira pamenepo mbozizi sizinachoke. Gulugufe wake amauluka usiku mtunda wautali, amaikira mazira 100 mpaka 200 pamalo amodzi, ndipo m'nyengo yotentha m'badwo watsopano umatuluka pa masiku pafupifupi 30.

Komabe mavu athu sanachedwe kuzilawa. Ofufuza a bungwe la CABI, amene ali ndi ofesi ku Lusaka, pamodzi ndi anzawo a m'dziko muno, anatola mbozizi m'minda ya alimi napeza kuti zina zinali ndi ana a timavu ta kuno konkuno m'mimba, monga Chelonus ndi Coccygidium. Kamavu kena, Telenomus remus, kosafika ndi milimita imodzi yomwe, kamene kamapha mbozi isanaswe n'komwe, kanapezeka kali kale m'mayiko angapo a mu Africa, monga Kenya, Niger ndi South Africa, malinga ndi zimene zinalengezedwa mu 2019. M'chaka chomwecho, ofufuza a ku Brazil pamodzi ndi Seirian Sumner wa ku University College London anaonetsa kuti mavu a zisa zolendewera, a mtundu wa Polistes, amachepetsa ntchemberezandonda pa chimanga ndi kuchepetsa kuonongeka kwa masamba, ndipo amazitulutsa ngakhale zitabisala m'kati mwa mbewu.

Tisanamizane: mavu okha sangamalize mbozi zonse m'chaka cha mliri. Chimene amachita n'kuchotsa gawo lina tsiku lililonse, kuyambira mbozi zili zochepa, popanda malipiro. M'kadimba ka pakhomo, ka mabedi khumi ndi mizere ingapo ya chimanga chachiwisi, gawo limenelo pamodzi ndi manja a mlimi kawirikawiri limakwanira.

Chifukwa chake mbozi zimabwerera titathira mankhwala

Alimi ambiri amadabwa kuti pakapita masabata awiri kapena atatu chithirireni, mbozi ndi nsabwe zimachuluka kuposa kale. Chifukwa chake si chovuta kumvetsa. Mankhwala opha chilichonse, monga cypermethrin, lambda-cyhalothrin ndi dichlorvos, sasankha. Mbozi yaikulu imakhala itabisala munsonga ya chimanga, itadzitsekera ndi ndowe zake zonga utuchi, kapena ili m'kati mwa mutu wa kabichi. Mavu ali poyera, akuyenda pa tsamba lililonse lonyowa ndi mankhwala. Amene amafa poyamba ndi mlenje. Mbozi zotsala zimakula popanda wozisaka, agulugufe atsopano amabwera usiku kuchokera m'minda ya anzathu, ndipo zilombo zimaswana msanga kuposa mmene mavu angabwererere. Mlimi amagulanso botolo lina. Akabwereza mankhwala amodzimodzi kwa nthawi yaitali, zilombo zopirira ndizo zimatsala n'kubereka zinzake, mpaka mankhwalawo amaleka kugwira ntchito. Pamwamba pa zonsezi, repu ya m'dimba la pakhomo ndi ndiwo za ana athu omwe, ndipo timaithyola kawiri kapena katatu pa sabata, nthawi yodikira yolembedwa pa botolo isanakwane.

Kusunga antchito athu

Choyamba n'kuyendera mbewu. Kawiri pa sabata, m'mawa, yendani m'chimanga mokhotakhota ngati chilembo cha W, muime malo asanu, ndipo pa malo aliwonse muone mapesi khumi. Mazira a mbozi, amene amakhala pagulu atakutidwa ndi tiubweya totuwa, aphwanyeni ndi chala. Mbozi zitoleni mupatse nkhuku. Alimi ambiri amathira kamchenga, dothi louma kapena phulusa pang'ono munsonga. M'mabedi a ndiwo tembenuzani masamba, ndipo tizikwa toyera ndi nsabwe zouma zija muzisiye pomwepo.

Chachiwiri n'kuwapatsa chakudya. Mavu aakulu amafuna maluwa ang'onoang'ono osazama, chifukwa lilime lawo ndi lalifupi. Siyani mitengo iwiri kapena itatu ya mpiru, repu, karoti kapena anyezi kuti ichite maluwa m'mphepete mwa dimba. Bzalani mpendadzuwa, nandolo ndi khobwe m'malire. Khobwe ndi thonje zili ndi tizigawo totulutsa timadzi totsekemera kunja kwa duwa, n'chifukwa chake mumapezapo mavu ndi nyerere nthawi zonse. Dimba la mbewu zosakaniza limasunga alenje ambiri kuposa la mbewu imodzi.

Chachitatu ndi malo okhala. Mpanda wa mitengo yamoyo, tchire lochepa losatenthedwa kumalire, kadera ka mchenga kosalimidwa, ndi kachithaphwi ka matope m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala zimakwanira. Moto wolusa wa m'chilimwe umatentha zisa ndi zikwa zonse, ndipo mvula ikagwa mbozi zimafika m'munda mopanda mlonda.

Chachinayi, ngati kuthira mankhwala sikungapeweke, funsani alangizi a zaulimi a m'dera lanu za mankhwala osankha. A Bt amapha mbozi zokha ndipo savulaza mavu kapena njuchi. Madzi a njere za nimu ndi ofatsa kuposa ambiri a m'sitolo. Ububa ndi wamphamvu ndipo umapha nsomba, choncho usayandikire mtsinje kapena dziwe. Thirani madzulo dzuwa litapendeka, pamene mavu ndi njuchi zabwerera ndipo mbozi zayamba kutuluka. Lunjikani munsonga ya mapesi ogwidwa okha, ndipo mbewu ya maluwa muilambalale.

Chisa choyenera kuchoka

Lamulo lathu ndi la malo. Chisa cha gulu chimene chili pakhomo la nyumba, m'khitchini, m'chimbudzi, m'bafa, pa mjigo, m'kalasi, pakhonde la tchalitchi, m'khola la ng'ombe zapagoli, kapena m'nthambi imene ana amakwera, chichoke. Chimene chili pamwamba mumtengo wa kumalire, kuseri kwa nkhokwe kosapita anthu, kapena mumpanda kutali ndi njira, chisiyeni, muuze a pabanja onse pamene chili, ndipo mumangirepo kansalu ka chizindikiro. Ngati m'nyumbamo muli munthu amene anatupapo thupi lonse kapena kubanika atalumidwa, zisa zonse za pafupi zichotsedwe, ndipo wochotsayo asakhale iyeyo.

Nthawi yabwino ndi pamene chisa chikadali chaching'ono, cha timaenje tochepa ndi mavu awiri kapena atatu. Lachisanu, posesa ndi kukonzekera Sabata, kwezani maso muone pansi pa tsindwi ndi pansi pa mabenchi. Chisa chachikulu chichotseni mbandakucha, kukadali kozizira, mavu onse ali pachisa. Valani malaya a manja aatali, thalauza, nsapato, ndi chophimba kumaso ngati cha ofula njuchi. Ana ndi ziweto akhale kutali. Tochi muiike pambali, isakhale m'dzanja lanu, pakuti mavu amalunjika kumene kukuchokera kuwala. Madzi a sopo wambiri, opopera kapena okhuthulira pachisa mokwanira, amanyowetsa mapiko ndi kutseka timabowo topumira. Akagwa, gwetsani chisa ndi kupala pamene panali kachingwe, chifukwa otsala amakonda kumanganso pomwepo. Moto musayese n'komwe. Muuni pansi pa denga la udzu mu Okutobala ungathe kutentha nyumba, nkhokwe ndi chimanga cha chaka chonse chifukwa cha chisa chokwana m'chikhato.

Oweta njuchi ali ndi mdani wamkulu pakati pa mavu a mizere. Ndi Palarus latifrons, wakuda wa mizere yowala, amene amakonda malo a mchenga m'nyengo yotentha. Amadikirira pakhomo la mng'oma n'kugwira njuchi zotuluka ndi zobwera, mpaka njuchi zimachita mantha n'kuleka kupita kumaluwa. Mudzamudziwa ndi khalidwe limeneli la kulonda pakhomo la mng'oma. Ming'oma ikhale pamthunzi wabwino, ndipo pansi pa khomo muikepo mbale ya madzi othira mafuta pang'ono pamwamba, kuti mavuwo agweremo. Musapopere mankhwala pafupi ndi mng'oma.

Munthu akalumidwa

Chokani pamalopo mwachangu, osakupiza manja. Tsukani ndi sopo, ikanipo nsalu yonyowa ndi madzi ozizira, ndipo vulani mphete kapena chibangili kutupa kusanayambe. Musacheke, musayamwe, musapake dothi kapena mafuta a galimoto. Panado amachepetsa ululu, ndipo Piriton amachepetsa kuyabwa. Kutupa kwa pamalo polumidwa pokha, ngakhale kutakhala masiku awiri kapena atatu, si koopsa.

Zizindikiro zoopsa ndi izi: kutupa milomo, lilime kapena kukhosi, kubanika kapena kupuma molira, mawu kusasa, zidzolo thupi lonse, kusanza, chizungulire kapena kukomoka. Zimenezi zimatha kuyamba pa mphindi zochepa, ngakhale mbola itakhala imodzi, ndipo zimapha. Mankhwala ake ndi jakisoni wa adrenaline, wopezeka kuchipatala; mapiritsi sangalowe m'malo mwake. Musadikire kuti muone mmene kuchere. Mugonekeni wodwalayo chagada miyendo itakwezedwa, kapena akhale tsonga ngati akubanika, asayende yekha, ndipo pezani njinga yamoto kapena galimoto kupita ku chipatala chapafupi, kumene angamutumize ku Petauke, ku Minga kapena ku Nyimba ngati kuli kofunika. Wolumidwa m'kamwa kapena kukhosi, mwana wamng'ono wolumidwa malo ambiri, ndi wamkulu wolumidwa ndi gulu lonse, apitenso kuchipatala ngakhale akuoneka bwino. Ululu wochuluka umatha kuononga impso, ndipo mkodzo wakuda kapena wochepa ndi chenjezo lake.

Ntchito ya mwezi uno

Buku la Genesis limatiuza kuti munthu woyamba anaikidwa m'munda ndi ntchito ziwiri, kuulima ndi kuusunga. Yoyambayo timaidziwa bwino. Yachiwiri imafuna kuti tidziwe zolengedwa zimene Mlengi anaika m'mundamo pamodzi nafe, ndi ntchito imene chilichonse chinapatsidwa, tisanatambasule dzanja kuti tiphe.

Tikupempha wophunzira aliyense, ndi aliyense wa inu amene muli kumudzi, kuti mvula isanagwe muzungulire nyumba ndi dimba muli ndi kope m'manja. Lembani chisa chilichonse: cha dothi, cha mumchenga kapena cholendewera, pamene chili, ndi chiweruzo chanu, kukhala kapena kuchoka. Sankhani chisa chimodzi cholendewera chakutali ndi njira, muime patali mayadi asanu kwa mphindi khumi dzuwa litakwera, muwerenge mavu obwera ndi kambamu ka nyama kukamwa. Ana a Pathfinder angathandize kuyang'ana, atauzidwa bwino za kusatola ndi kusagenda. Chimanga chikafika m'mawondo, yerekezani mizere yoyandikana ndi mpanda wa maluwa ndi ija ya pakati, muone kumene masamba abooka kwambiri. Zimene mupeze mubwere nazo kapena mutumize kuno kusukulu, kuti tidzaziike pamodzi ndi za anzanu a m'midzi ina m'kalata yotsatira.